M'bale wako akatsogola ali mwa Ambuye: mafunso ndi mayankho kwa ife otsala

Achemwali anga anatisiya mwezi wa February, fodya ali m'zigafa, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku moti adzukulu anachita kukapa madzi m'dzenje asanatsitse bokosi. Tinawaika kwathu, mbali ya ku Chamama kuno ku Kasungu. Anali mayi wa Chigwirizano, bungwe la amayi a mpingo wa CCAP, ndipo ine ndine mlongo wawo wamng'ono, amene ankandibereka kumsana amayi akapita kumunda. Pamaliro sindisowa chifukwa ndimatumikira mumpingo, koma maliro amenewa ndiwo anandiphunzitsa zomwe ndalemba pano. Mafunso ena ndi omwe anthu amandifunsa tikakhala pamoto usiku wa maliro. Ena ndi anga.

Ndikulira kwambiri. Kodi ndiye kuti chikhulupiriro changa chachepa?

Ayi. Pasiwa mudzamva mawu akuti "musalire, wapita kukapuma" kapena "limbani mtima, ndinu Mkhristu". Onenawo amafuna kukutonthozani, koma mawuwo akakufikani molakwika mumayamba kudziona ngati mwachimwa.

Tsegulani Yohane 11. Nkhani yonseyo ndi ya alongo awiri, Marita ndi Mariya, amene mlongo wawo Lazaro wamwalira. Onse awiri, aliyense pa nthawi yake, anauza Yesu kuti akadakhalapo mlongo wawo sakadafa. Amenewo ndi mawu odandaula, otuluka mumtima wopweteka, ndipo Yesu sanawadzudzule. Iye mwini, akudziwa bwino lomwe kuti pakangopita kanthawi amuukitsa, analira. Ndi vesi 35. Pa Machitidwe 8:2 anthu opembedza anaika Stefano ndipo anamulira maliro aakulu. Paulo naye, pa 1 Atesalonika 4:13, sakuletsa kulira. Chomwe akukana ndi kulira ngati anthu opanda chiyembekezo.

Kwa amuna anzanga: tinakula tikumva kuti mwamuna salira. Ine ndinapita kuseri kwa chigafa tsiku lachiwiri, ndinalira mpaka mawu kusasa. Atsibweni anga anandipeza kumeneko, anakhala pansi pambali panga osanena kanthu. Pa zonse zomwe ndinalandira pamaliro aja, chimenecho ndicho ndimakumbukira.

Anthu onse akupepesa amayi, alamu ndi ana. Ine palibe wondifunsa. Kodi ndikudzikonda ndikamamva kuwawa?

Simukudzikonda. Pamaliro a kwathu kuno m'bale wa malemu ndiye amasanduka miyendo ya banja. Ndiye amathamangira kwa amfumu kukanena maliro, kukafuna galimoto yotenga thupi kunyumba yachisoni, kukakambirana ndi kalipentala za bokosi, kuona ngati chimanga chapita kuchigayo, ngati nkhuni zakwana, ngati masamba aikidwa pamsewu. Usiku ndiye amagwira kope la chipepeso, foni ikungolira ndi mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba. Anthu akamuona akuyendayenda amati walimba. Akabalalika onse, iye ndi pomwe amazindikira kuti sanakhale pansi n'komwe.

Koma taganizani chomwe mwataya. Makolo timawadziwa kuyambira pakati pa moyo wawo, mkazi kapena mwamuna timakumana naye titakula. M'bale yekha ndiye anadya nanu mbale imodzi. Njala ya 2002, yomwe inasautsa kwambiri kuno ku Kasungu, achemwali anayenda wapansi kukasuma madeya, n'kudzagawa pakati, ena a ana awo ena a kwanga. Palibenso munthu wamoyo amene ndinganene naye kuti "mukukumbukira tsiku lija?" n'kundimvetsa ndisanamalize. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. N'chifukwa chake chikathyoka chimapweteka mpaka mkati.

Ngati maliro akadali pakhomo, kope lija patsani msuweni wanu kapena mnzanu wokhulupirika. Khalani pansi ngakhale ola limodzi, mumvere nyimbo za amayi. Ntchito siima chifukwa inu mwakhala.

Andisankha kuti ndiwerenge mbiri ya malemu. Ndinene chiyani?

Ndondomeko yake mukuidziwa: anabadwa liti, sukulu analekezera pati, anabatizidwa kuti, anakwatiwa liti, wasiya ana angati ndi zidzukulu zingati. Zimenezo nenani, n'zofunika. Koma mbiri ikathera pamenepo, ikhoza kukhala ya munthu wina aliyense.

Pa Machitidwe 9 pali mayi wa ku Yopa, Tabita, amene dzina lake lina ndi Dorika, ndipo amayi a Dorika a mpingo wa Seventh-day Adventist anatenga dzina lawo pamenepo. Atamwalira, akazi amasiye sanakambe mawu ambiri. Anaonetsa Petro malaya ndi zovala zomwe anasoka ali moyo. Mbiri ya Mkhristu izikhala yotero, yoti anthu aione ndi maso. Ine ndinangonena chinthu chimodzi: kuti kwa zaka zambiri achemwali ankatungira madzi agogo ena osaona a kuseri kwa dambo, amene sanali abale athu n'komwe. Nditanena, ndinamva kulira kukuyambiranso mbali ya amayi, chifukwa ankadziwa kuti n'zoona.

Musawasandutse mngelo. Achemwali anga anali ndi pakamwa, akakwiya mudzi wonse unkadziwa, ndipo analinso oyamba kubwera ndi mbale ya ufa kudzapepesa. Anthu a m'mudzi amamudziwa munthu wawo, mukakometsera mopitirira amangoyang'ana pansi. Dzina la matenda simukakamizidwa kulitchula ngati banja silinagwirizane. Ndipo mbiri si bwalo la milandu. Amene sanabwere kudzazonda matenda musawalase ndi mawu okuluwika pamaso pa anthu.

Abale ena akuti imfayi ili ndi mwini wake, tikaombeze. Nditani?

Funso limeneli limabwera pafupifupi pamaliro aliwonse, makamaka munthu akafa mwadzidzidzi. Limayamba ndi manong'onong'o kukhitchini, pofika tsiku lachitatu dzina latchulidwa kale, ndipo kawirikawiri limakhala la gogo wina wosauka, wopanda womuteteza.

Kanani, ndipo kanani msanga. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndipo taona m'dziko muno okalamba akumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene chifukwa cha mawu otere. Koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, dzifunseni: m'bale wanu amene ankapemphera m'mawa ndi madzulo akadavomera kuti dzina lake lipite kwa sing'anga? Kumulemekeza kumayambira apa.

Mtima ukafuna kudziwa chomwe chinachitika, funsani achipatala omwe anamuthandiza, ndipo buku lake lakuchipatala musalitaye. Ngati ankadwala BP kapena shuga, dziwani kuti matenda amenewa amayenda m'magazi a pabanja. Abale otsalanu kayezetseni.

Malemu anali wampingo, koma kwathu ndi kwa gule. Maliro ayende bwanji?

Kuno kwa Achewa zimenezi si zachilendo. Banja limodzi limakhala ndi mkulu wa mpingo, kwinaku m'bale wake ndi wa kudambwe. Mipingo yambiri siyendetsa mwambo wa maliro pamodzi ndi gule wamkulu, ndipo aliyense amadziwa. Chomwe chimabweretsa mkangano ndi kuchedwa kukambirana.

Usiku woyamba womwewo, mwinimbumba, amfumu ndi akulu a mpingo akhale pansi. Muyeso wake ukhale umodzi: malemu anasankha njira iti ali moyo? Ngati anabatizidwa, ankadya Mgonero, ndipo mpaka tsiku lomaliza anali mumpingo, aperekezedwe ndi mpingo wake. Koma nanunso a mpingo musafike ngati eni mudzi. Manda ndi a amfumu. Adzukulu okumba, ena mwa iwo satchalitcha, ndi amene amanyowa ndi mvula kuti m'bale wanu agone malo abwino. Alemekezeni, nsima yawo ipite pa nthawi yake. Maliro n'kulirana.

Za kumeta, ena amameta ena sameta, ndipo mipingo imasiyana kaonedwe. Ine maganizo anga ndi akuti tsitsi lisakudanitseni ndi amayi anu okalamba amene angoika mwana wawo. Pomwe ndimaima nji ndi pa miyambo yokakamiza wamasiye kugona ndi munthu, kapena yopereka nsembe kwa mizimu m'dzina la munthu amene anakana zimenezo ali moyo.

Tinasiyana titayambana. Sindinapepese.

Ili ndilo funso lomwe anthu amafunsa motsitsa mawu, ena onse atagona. Nanenso ndili nalo. Miyezi ingapo achemwali asanadwale tinasemphana pa nkhani ya malire a dimba la amayi. Tinkalonjerana, koma moni wake anali wouma. Kuchipatala ndinapita, ndinawagwira dzanja, koma mawu akuti "pepani achemwali" ndinkati ndidzanena akatuluka.

Sindingakunamizeni kuti zimachoka msanga. Chomwe chandithandiza ndi ichi: kulapa kumapita kwa Mulungu, ndipo Iye alipo. Ndinamuuza zonse monga zinalili, osadzikometsera. Kenaka ndinaitana mwana wawo woyamba, tinapita limodzi kudimba kuja, ndinazula zikhomo zomwe ndinakhoma ndili wokwiya. Mkangano wa miyezi itatu sungafafanize zaka zonse zomwe munakhala pachibale. Ngati muli ndi m'bale wina wamoyo amene simukuyankhulana, musadikire kuti atuluke m'chipatala.

M'bale wanga anamwalira ali pa chilango cha mpingo, ndipo mpingo sunaimbe. Kodi watayika?

Maliro opanda nyimbo amapweteka kawiri. Mipingo ili ndi malamulo ake pa nkhaniyi, ndipo akulu amene amabwera kudzanena uthengawo nthawi zambiri nawonso mtima umawawawa. Musalimbane nawo pamaso pa anthu. Ngati pali chomwe simunamvetse, pitani mukakambirane maliro atatha.

Koma kaundula wa mpingo si buku la moyo. Palibe mbusa kapena mkulu amene amadziwa zomwe munthu anakambirana ndi Mulungu wake usiku womaliza. Wachifwamba uja wa pa Luka 23 analibe khadi la mpingo uliwonse, ndipo analonjezedwa Paradaiso tsiku lomwelo. Sindinganene kuti m'bale wanu ali kwakuti, poti woweruza si ine. Ndingonena kuti ali m'manja mwa Woweruza wachifundo kuposa ife tonse. Palibe amene angakuletseni inu apabanja kuwerenga Salimo ndi kupemphera m'nyumba mwanu.

Baibulo lake, buku la nyimbo ndi yunifolomu tichite nazo chiyani?

Za yunifolomu funsani amayi a bungwe lake, kaya ndi Chigwirizano, Dorika kapena bungwe la amayi Achikatolika, poti aliwonse ali ndi dongosolo lawo. Chigwirizano chinayamba mu 1940, ndipo amayiwa akhala akuperekeza anzawo kwa zaka zonsezi. Amadziwa chochita, asiyireni.

Baibulo lokha musafulumire kulitsekera m'sutikesi. La achemwali ndi Buku Lopatulika, lomwe linasindikizidwa koyamba mu 1922, ndipo lawolo ndi la kalembedwe kakale, kamene chikondi chimalembedwa kuti cikondi. Chikuto chinathothoka, anachita kulikuta ndi kansalu ka chitenje. M'mphepete mwa masamba a Masalimo muli zidindo za zala zakuda, utomoni wa fodya, kusonyeza kuti ankawerenga akangoweruka kusoka, asanasambe n'komwe m'manja. Pakati pa Yesaya ndinapezapo kapepala kong'ambidwa m'kope la mwana wasukulu, kolembedwa ndi pensulo mayina khumi ndi awiri. Ena ndi a ana awo, ena a odwala a m'mudzi. Lachisanu ndi chiwiri linali langa, ndipo pambali pake analembapo mawu amodzi okha: "dimba".

Ndinakhala pansi nthawi yaitali. Masiku onse amene ine ndinkawapatsa moni wouma, iwo ankanditchula pamaso pa Mulungu.

Baibulo lotere lipite kwa mwana kapena mdzukulu amene adzaliwerenge, osati amene adzangolisunga. Lathu lili ndi mwana wawo wamkazi. Kapepala kokha ndinapempha.

Ana ake ndi katundu wake, udindo wanga ndi wotani?

Apa ndi pomwe Chikhristu cha banja chimaonekera, nyimbo zitatha. Mwambo wathu umati ana a mlongo wako ndi mbumba yako, iwe ndiwe malume. Ena amaumva mwambowu ngati chilolezo chotenga njinga, malata ndi mabelo a fodya. Umalume ndi fizi, yunifolomu ya sukulu, ndi kudzuka usiku mwana akadwala.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake, ndi amene ankadalira malemuyo. Kulanda katundu wamasiye ndi mlandu. Ngati analemba wilu, itsatidwe. Thandizani ana kupeza chikalata cha imfa kudzera ku National Registration Bureau, amene ali ndi ofesi paboma, chifukwa kubanki ndi kwa oona za penshoni adzachifuna.

Ngati alamu anu anali pa chikamwini, nkhani ya kusudzula isakhale yothamangitsa munthu ngati mlendo. Ndi bambo wa anawo. Yakobo 1:27 akuti chipembedzo choona ndi kucheza ndi ana amasiye ndi akazi amasiye m'chisautso chawo, ndipo amasiye oyamba amene Mulungu wakupatsani ali pakhomo panu pomwepo. Musawagawe ngati nkhuku, uyu kwa azakhali uyu kwa agogo, musanawafunse. Ataya kale kholo, asatayanenso okhaokha.

Chiliza timange liti, ndipo chikhale chotani?

Dikirani dothi likhazikike, mvula idutsepo nyengo imodzi. Ambiri kuno amamanga chilimwe, fodya atagulitsa ku Chinkhoma, ndipo ndi nthawi yabwino poti abale akutali amatha kufika. Amfumu adziwe, mpingo udziwe.

Chomwe ndimadandaula nacho ndi mpikisano. Banja limatenga katapila kuti ligule mwala wonyezimira, ng'ombe iphedwe, anthu avale nsalu yofanana, pamene mwana wa malemu wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Simenti, njerwa, dzina lolembedwa bwino ndi vesi limodzi n'zokwanira. Vesilo musalitole pa chiliza cha eni ake. Yang'anani m'Baibulo lake lomwe, muone pamene anadula mzere.

Kodi ndingamupempherere?

Zimatengera mpingo wanu. Akatolika amapereka Misa yopempherera omwalira, ndipo pa 2 November amakumbukira okhulupirira onse amene anatsogola. A CCAP ndi mipingo ina yambiri sapempherera womwalira, amathokoza Mulungu chifukwa cha moyo wake n'kupempherera otsala. A Adventist amaphunzitsa kuti akufa ali m'tulo kudikira kuuka. M'banja limodzi mukhoza kupezeka onsewa. Mng'ono wanu akakapereka Misa kumphakati kwawo, inu muli wa mpingo wina, musamunyoze. Naye akulira munthu yemweyo.

Ndinali ku Johannesburg, maliro ndinangowaonera pafoni.

Ambiri a kwathu kuno zawachitikira. Ulendo wa basi ndi wa masiku, mapepala mwina sali bwino, ndipo thupi silingadikire. Munatumiza ndalama ya bokosi, munaonera pa WhatsApp mpaka netiweki kuduka, koma mumtima simunavomereze chifukwa simunaponye dothi.

Mukadzabwera, musangofikira kugawa katundu. Uzani akuluakulu kuti mukufuna kukaona manda. Kumanda salowako yekha munthu, amfumu adzakupatsani okuperekezani. Itanani mkulu wa mpingo mmodzi ndi amayi awiri atatu a nyimbo. Lirani ngati maliro achitika lero, poti kwa inu ndi lero. Ndipo inu amene muli kumudzi, chonde nkhope ya malemu ali m'bokosi musaiponye pa Facebook. Pali m'bale wina kutali amene sanamve uthenga, asadzaumvere pamenepo.

Papita miyezi, koma sindikupeza bwino. Zidzatha liti?

Palibe tsiku loikika. Chimabwera ngati mvula ya mawawa: ukuganiza kuti kwacha, kenaka kwaya yayamba nyimbo yomwe ankaikonda, miyendo n'kulefuka. Kwa ine kunali kovuta kulowa m'tchalitchi n'kuona malo awo, mzere wachitatu mbali ya amayi, patakhala munthu wina. Kuwalota nako kumachitika, ndipo si chizindikiro choti akukuitanani kapena akwiya. Mtima umafuna munthu wake.

Pali pena pofunika thandizo loposa la abale. Ngati tulo sitibwera kwa milungu yambiri, chakudya sichilowa, kumunda kapena kuntchito mwasiya, mwayamba kuthawira ku kachasu, makamaka ngati mukuganiza zodzichotsera moyo, uzani munthu lero lomwe. Pitani kuchipatala cha boma mukafunse oona za matenda a maganizo. A St John of God, amene ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ntchito yawo ndi imeneyi. Kupita kuchipatala sikutsutsana ndi pemphero, monga momwe kumwa mankhwala a malungo sikutsutsana nalo.

Ndikufuna kupitiriza zomwe ankachita, koma chikhulupiriro changa sichifika pa chake. Ndiyambire pati?

Musayese kukhala iye. Achemwali ankadzuka nkhuku zisanalire kupemphera, ankaloweza Masalimo athunthu, ankatha kuyambitsa nyimbo pamaliro anthu mazana n'kuvomera. Ine zimenezo sindingathe. Chivumbulutso 14:13 chimati akufa mwa Ambuye apumula ku zolemetsa zawo, ndipo ntchito zawo ziwatsata. Koma zina mwa ntchitozo zimatsala pansi pano zili zosamaliza, zikudikira manja.

Sankhani imodzi yokha, yaing'ono, yoti mungaikwanitse ngakhale tsiku lomwe mtima wauma. Ine ndinatenga kapepala kaja n'kuyamba kutchula mayinawo madzulo, kupatula langa, pomwe ndinaikapo la alamu. Dzina lachitatu linali la agogo osaona aja. Mwezi wa October ndinapita kukawaona, ndinapeza denga likuonetsa kumwamba, mtsuko uli gwa. Madzi tsopano amatunga ndi mdzukulu wa achemwali akaweruka kusukulu. Ine ndinamweta udzu, ndinapempha anyamata awiri a kwaya, tinafolera mvula yoyamba isanagwe. Titamaliza, agogowo anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano, n'kunena kuti: "Ndinu alongo awo eti? Mawu anu ndi omwewo."